Fomu ya ngongole idali pa R

Pali ntchito ina imene abwana m'maofesi amaiona ngati ya mphindi khumi. Ndi ntchito yosanja mitu ya zikalata motsatira alifabeti, kuchokera pa A kukafika pa Z, kuti munthu akatsegula webusaiti ya bungwe, kapena intraneti, yomwe ndi intaneti ya m'kati mwa ofesi yolowamo antchito okhaokha, apeze chimene akufuna popanda kufunsa munthu. Mndandanda wotere timautcha kalozera. Abwanawo amati chovuta n'chiyani, poti ngakhale mwana wa Sitandade 2 amadziwa kuti B amabwera pambuyo pa A? Komanso kompyuta imasanja yokha ukangodina kamodzi. Maganizo amenewa adamanitsa alimi ena a ku Mkanda mbewu ya soya ya chaka chathunthu. Ndidaziona ndi maso, chifukwa nthawi imeneyo ndinkathandiza bungwe lake kulemba malipoti.

Bungwelo sindilitchula dzina, ndipo anthu ake ndiwabisa, popeza cholinga changa si kuchititsa munthu manyazi. Likulu lake lidali pa Mchinji Boma. Linkabwereketsa mbewu ndi feteleza ku makalabu a alimi, alimiwo n'kudzabweza akakolola. Alangizi ake adali omwazikana, wina ku Kamwendo, wina ku Waliranji, wina ku Kapiri, wina ku Mkanda. Mchinji si boma laling'ono. Kalembera wa 2018 adapeza anthu 602,305, ndipo mlangizi wa kutali sangamawotche mafuta a njinga yamoto kubwera pa boma kudzangotenga pepala limodzi. N'chifukwa chake opereka thandizo atabweretsa makompyuta ndi matabuleti, aliyense adaomba m'manja. Tsopano mafomu, malamulo a ngongole, mayina a makalabu ndi zidziwitso zonse zizikhala malo amodzi, mlangizi azingotsegula ali komweko.

Adalemba ntchito mnyamata wa dipuloma ya zamakompyuta wochokera ku Lilongwe. Ndinene poyera kuti sadali waulesi. Adajambula zikalata za m'makabati onse n'kuziika pa intraneti, anzake akuweruka iye akadali pa mpando. Zikalata zitachuluka, alangizi adayamba kudandaula kuti akusochera. Abwana adamuitana Lachiwiri m'mawa.

"Alendo athu akubwera Lachisanu. Utiikire tsamba la A mpaka Z, longa limene ndidaliona pa webusaiti ya yunivesite ina ya kunja."

"Palibe vuto, bwana."

Adatenga mayina a mafayilo onse, adawakhuthulira mu Excel, adadina posanjira, ndipo dzuwa lisanalowe tsambalo lidali litatha, zilembo zabuluu zili ndandanda pamwamba. Alendo adabwera, adadina chilembo chimodzi kapena ziwiri, adajambula zithunzi, adakwera galimoto zawo.

Mu ofesimo mudali mayi wina wa ku kaundula amene adatsala ndi miyezi yochepa kuti apume pa ntchito. Mayiyu adali ndi buku lake, hadikava yakuda ya msana wofiira, imene m'mphepete mwake adadula ndi lezala ngati masitepe kuti chilembo chilichonse chizioneka. Masamba a Q ndi X adali oyera. Pa M padali potupa, moti adachita kumatapo mapepala ena n'kugawa: Ma payekha, Mb payekha, kenako Mk, Ml, Mt, Mw. Paliponse padali timawu ta pensulo. Pa Nsawa adalemba kuti onani Mtedza. Pa Makuponi adalemba kuti onani Zipangizo zotsika mtengo. Pa Walilanji adalemba kuti onani Waliranji. Kalabu iliyonse idali ndi mudzi wake ndi mfumu yake yaikulu pambali. Chikalata chikatha ntchito ankachidula ndi rula, mzere umodzi wowongoka, n'kulemba tsiku ndi nambala ya chimene chalowa m'malo mwake.

Tsiku limene mnyamata uja ankasanja, mayiwo adaima kumbuyo kwake buku lili m'manja.

"Achimwene, musanamalize, bwanji muone kaye umu?"

"Amayi, zimenezo zidapita ndi nthawi. Apa mukangodina, zonse zikutuluka."

"Zikutuluka, inde. Koma zikutuluka ndi mayina a ndani?"

Mnyamatayo adaseka mwaulemu n'kupitiriza. Yankho la funsolo lidali pa tsamba lake lomwelo. Pa F padali mzere wautali: Fomu ya ichi, Fomu ya icho, Form, Forms, Final, Final 2, Final final. Pa N padadzaza Ndondomeko, New ndi Notice. Pa S padali mafayilo ambirimbiri otchedwa Scan, lililonse ndi nambala yake, ndipo Scan 10 adali patsogolo pa Scan 2, chifukwa kompyuta ikamasanja manambala ngati mawu imaona chizindikiro choyamba, ndipo 1 amatsogolera 2. Palibe chimene chidasowa. Chikalata chilichonse chidalipo, koma pansi pa dzina limene adachipatsa munthu amene adachitaipa, tsiku limene ankachitaipa, ali ndi zake m'mutu.

Mvula itayandikira, mu Novembala, bungwe lidasintha malamulo a ngongole ya mbewu ya soya. Fomu yatsopano inkafuna chidindo cha anyakwawa ndi nambala ya chiphaso cha unzika cha membala aliyense, chija a National Registration Bureau adalembera anthu m'dziko lonse mu 2017. Fomu yakale sinkafuna zimenezi. Amene adakonza yatsopanoyo ku ofesi ya zachuma adaitcha Revised Input Loan Application, motero idakagwera pa R. Yakale palibe adaichotsa. Idakhalabe pa F ndi dzina lake lomveka bwino lomwe: Fomu ya ngongole ya mbewu.

Mlangizi wa ku Mkanda adauzidwa pa foni kuti mafomu ali pa sisitimu, ndipo tsiku lomaliza kubweza ndi lakutilakuti. Kumene ankakhala netiweki inkagwira ukakwera pachulu. Ali pachulupo adadina N kufuna Ngongole, osaipeza. Adadina M kufuna Mbewu, osaipeza. Adadina S kufuna Soya, adangokumana ndi ma Scan aja. Pa F ndi pamene adapumira m'mwamba. Adakasindikiza mafomuwo pa kashopu ka pa msika ndi ndalama za m'thumba mwake, adayenda kalabu ndi kalabu, odziwa kulemba adasaina, osadziwa adadinda chala. Apampando a makalabu adasonkherana ya thiransipoti n'kufika pa boma masana a tsiku lomaliza lenilenilo.

"Pepani abambo, fomu iyi ndi yakale."

"Yakale bwanji, mayi, poti atipatsa ndi alangizi anu omwe?"

"Pakufunika manambala a ziphaso ndi chidindo cha amfumu."

"Ziphasozo zili kumudzi ndi eni ake. Tibwerere lero lomwe?"

Mkulu wina adali atakulunga mafomu ake m'pepala la pulasitiki la shuga kuopa mvula. Adawatulutsa, adawawongola ndi chikhatho pa kauntala, adawayang'ana kwa kanthawi, n'kuwabwezeramo. Mbewu idali yowerengeka, ndipo idapita kwa makalabu amene adabweza mafomu oyenera. A ku Mkanda adalonjezedwa ulendo wachiwiri. Ulendo wachiwiriwo udafika mvula yobzalira itadutsa kale. Ena adabzala mochedwa n'kukolola zochepa, ena adakagula mbewu yosadziwika kwa mavenda, ena adangobwezera minda yawo ku chimanga.

Tsoka silidathere pomwepo. Kwathu kuno makalabu ambiri mayina ake ndi amodzimodzi: Tikondane, Tiyanjane, Chisomo, Umodzi. Pa tsamba lija a Tikondane adangondandalikana angapo, popanda mudzi, popanda mfumu. Ndalama zimene kalabu ina idabweza zidalembedwa pa kalabu ina ya dzina lomwelo, ndipo msungichuma wa kalabu yoyambayo adatchedwa wakuba pamaso pa anthu a m'mudzi mwake kufikira malisiti atapezeka.

Pa msonkhano wa Lolemba aliyense adasamba m'manja. A zachuma adati fomu adaiika pa nthawi yake. Mnyamata wa kompyuta adaonetsa tsamba lija pakhoma n'kuloza: "Nayi, bwana, pa R. Yakhalapo kuyambira tsiku loyamba." Ankanena zoona. Abwana adatembenukira mlangizi n'kumufunsa chifukwa chake sadafunse. Mlangiziyo adayankha mofatsa: "Ndikadafunsa chiyani, bwana? Ndinkafuna fomu ya ngongole ya mbewu, ndipo ndidapeza fomu ya ngongole ya mbewu." M'chipindamo mudangoti zii. Mayi wa kaundula adali atapuma kale, buku lake lili m'sitolo pamwamba pa matumba opanda kanthu.

Ine mlandu waukulu ndimaupereka kwa abwana. Mnyamatayo adaphunzira kupanga masamba ndi kulumikiza mawaya, ndipo palibe adamuuzapo kuti kusanja ndi gawo lomaliza ndiponso laling'ono zedi la ntchito ya kalozera. Gawo lalikulu ndi kusankha mawu. Pa depoti ya pa boma, woitanira minibasi sakuwa kuti "M12! M12!" ngakhale limenelo ndilo dzina la msewu wa ku Lilongwe m'mabuku a boma. Amakuwa Kamwendo, Namitete, Lilongwe, chifukwa ndiwo mayina amene wokwera wachoka nawo kunyumba. Wopanga kalozera amayenera kudziwa mayina amene wofufuza wachoka nawo kunyumba, ndipo mayina amenewo sapezeka pa mafayilo. Amapezeka pakamwa pa anthu.

Zitsanzo zili pakhomo pomwe. Ndalama zothandizira mabanja ovutikitsitsa zidayambira m'boma lino la Mchinji mu 2006, moyeserera, zisanafalikire m'dziko lonse. M'zikalata dzina lake ndi Social Cash Transfer, ndipo kompyuta idzaziika pa S. Agogo amene amalandira amati Mtukula Pakhomo, ndipo mdzukulu wawo adzadina M. Feteleza wotsika mtengo adatchedwapo FISP, kenako AIP mu 2020, koma anthu ambiri mpaka lero amangoti makuponi. Zimene mabungwe amalemba kuti VSL amayi amati banki m'khonde. Kalozera amene ali ndi dzina la mu ofesi lokha amatumikira anthu a mu ofesi okha, amene ndi kale lomwe ankadziwa kumene kuli chinthu.

Tisaganizenso kuti dongosolo la alifabeti ndi nzeru yobadwa nayo. Cha m'ma 1230, ansembe a chipani cha Dominiko ku Paris, motsogozedwa ndi Hugh wa ku Saint-Cher, adachita kugwira gulu lonse kuti apange mndandanda woyamba wa mawu a m'Baibulo la Chilatini ndi malo amene mawuwo akupezeka. Mu 1604, Robert Cawdrey potulutsa dikishonale yoyamba ya Chingerezi chokhachokha adachita kulangiza owerenga kuti ayambe aloweza dongosolo la zilembo, adziwe zimene zili koyambirira, pakati ndi kumapeto. Ku Britain olemba akalozera ali ndi bungwe lawo, Society of Indexers, kuyambira 1957, ndipo kum'mwera kwa Africa kuno bungwe lotere, ASAIB, lidakhazikitsidwa mu 1994. Anthu amadyera ntchito imeneyi, amaiphunzira, amakangana za malamulo ake. Ofesi ya pa boma ija idaipereka kwa munthu mmodzi wosaiphunzira, iye n'kuitha masana amodzi.

Mu 2010 Jakob Nielsen, katswiri wofufuza mmene anthu amagwiritsira ntchito mawebusaiti, adachenjeza kuti kusanja motsatira alifabeti kumathandiza makamaka pamene munthu akudziwa kale dzina la chimene akufuna. Ena atamva zimenezi adaganiza zotayiratu masamba a A mpaka Z. Ine ndikuona kuti mu ofesi ngati ya ku Mchinji, mmene anthu amafuna zinthu zomwezomwezo chaka ndi chaka, kalozera ndi wofunikabe, bola akhale ndi mayina onse amene anthu amatchulira chinthucho, osati limodzi.

Tsono Chichewa chili ndi mavuto akeake amene buku lophunzitsa ntchitoyi lolembedwa ku London silingakuuzeni. Mawu athu amasintha kumutu. Mlimi ali pa M, alimi ali pa A. Chikalata chili pa C, zikalata zili pa Z, kumapeto kwenikweni. Wopanga kalozera amayenera kusankha lamulo limodzi, kaya ndi chimodzi kaya zambiri, n'kulisunga, ndipo pa mitu ikuluikulu aike mawu onse awiri. Aneni ndiye amaunjikana pa K: kubweza ngongole, kulembetsa kalabu, kupempha tchuthi, kugula mbewu. Olemba madikishonale athu vutoli adaliona kale, n'chifukwa chake mu dikishonale ya Steven Paas mneni mumamupeza popanda ku- uja. Mu kalozera mankhwala ake ndi kutsogoza chinthucho: Ngongole, kubweza; Kalabu, kulembetsa; Tchuthi, kupempha. Mawu ngati Ndondomeko ya, Malamulo a, Fomu ya, Mndandanda wa, asatsogole, chifukwa salozera kanthu. Ndi amene adatupitsa F ndi N pa tsamba la mnyamata uja.

Palinso tizizindikiro timene maso sationa koma kompyuta imationa. Kankhodolero ka mu ng'ombe ndi m'dimba kali mitundu iwiri, kowongoka ndi kopindika, ndipo kwa kompyuta ndi zizindikiro zosiyana. Excel posanja imakanyalanyaza, mapulogalamu ena amakawerengera, motero ng'ombe imatha kupezeka pamwamba pa ngongole pa tsamba lina, pansi pake pa tsamba lina. Chilembo ŵ, chimene ena amalembabe mu Malaŵi, pulogalamu yosanja motsatira manambala a zilembo imachiponya kuseri kwa z. Pulogalamu yomweyo imatsogoza zilembo zonse zazikulu, moti Zulu amabwera patsogolo pa alimi. Nanga l ndi r? Malamulo a kalembedwe amati r azibwera pambuyo pa i ndi e, koma pa zikwangwani ndi m'makalata mupeza feteleza ndi fetereza, Walilanji ndi Waliranji, Guilleme ndi Guillime. Kalozera si malo ophunzitsira anthu sipelo. Alembe zonse, zilozere kumodzi.

Ndiye pali malire. Chipata cha Mwami chili makilomita pafupifupi 12 kuchokera pa boma, ndipo kuyambira mu Disembala 2022 maofesi a Malawi ndi Zambia amagwirira ntchito pamodzi pamenepo. Anthu, katundu ndi mapepala zimadutsa tsiku lililonse. Bungwe lija linkalandira timabuku ta ulimi kuchokera kwa anzawo a ku Chipata, ndipo ku Zambia amalemba c pamene ife timalemba ch: cimanga, cakudya. Ntchito yathu iwo amalemba nchito. Apa ndi pamene ndimatsutsana ndi amene amati kalozera ndi wosafunika poti pali kabokosi kofufuzira. Mukataipa chimanga m'kabokosi wamba, kabuku ka cimanga sikatuluka. Mukataipa nsawa, chikalata cha mtedza sichituluka. Zikalata zojambulidwa ngati zithunzi, monga ma Scan aja, kabokosiko sikaziwerenga n'komwe pokhapokha zitadutsa m'pulogalamu yozindikira zilembo. Komanso kabokosi kamakubwezera zokhazo zimene wafunsa, pamene kalozera amakuonetsa ndi zimene sunkadziwa kuti zilipo. Mlangizi uja akadapeza mutu wa Ngongole ndi timitu take pansi, akadaona kuti pali fomu yatsopano.

Mayina a malo nawonso amasintha. Zikalata za boma lino za nthawi ya atsamunda zili ndi dzina la Fort Manning, monganso Chipata ankatchedwa Fort Jameson. Mwana wa sukulu wofufuza mbiri ya Mchinji amene angoyang'ana pa M yekha adzaganiza kuti boma lake lilibe mbiri.

Bungwe lija lidachita chinthu chimodzi chanzeru: lidawaitananso mayi aja pa kaganyu. Adabwera, koma adati kompyuta iyambe yazimitsidwa. Adamutuma mnyamata kukakhala pa malo ofikira alendo ndi kuimbira mlangizi aliyense, azilemba funso lililonse mmene munthu walinenera, limodzi pa kakhadi kake. Makhadiwo adadula ku makalendala akale. Atachuluka adawayala pa tebulo la m'chipinda cha misonkhano n'kuyamba kuunjika ofanana: ngongole, loni, kubwereka mbewu, mulu umodzi; alawansi, ya m'thumba, ya ulendo, mulu wina. Pa mulu uliwonse ankasankha mawu amodzi okhala mutu, otsalawo n'kukhala olozera.

"Amayi, nanga Form ndi Fomu tiziike pati?"

"Palibe amabwera kudzafuna fomu, mwana wanga. Amabwera kudzafuna ngongole, tchuthi, alawansi. Fomu ndi ife timamupatsa."

Mitu yambiri adaichotseratu. Zokambirana za msonkhano uliwonse sizidafunike mzere wakewake, zidalowa pansi pa mutu umodzi motsatira chaka. Kalabu iliyonse idalembedwa ndi mudzi wake ndi mfumu yake yaikulu, kaya ndi Mkanda, Dambe, Mavwere, Zulu kapena Mlonyeni. Apa mnyamatayo naye adaonetsa zimene ankadziwa, ndipo mayiwo adavomera kuti pena kompyuta ikuposa buku. M'buku, munthu wofika pa Nsawa amatumizidwa ku Mtedza n'kuyambanso kutsegula masamba. Pa intraneti mawu onse awiri angathe kukhala linki yopita ku chikalata chomwecho, wofufuza osayenda kawiri. Adasiya "onaninso" pa zinthu zoyandikana zokha, monga Mtedza ndi Chuku. Linki iliyonse adaikonza kuti izifikira pa chikalata chenichenicho, osati pa tsamba loyamba kuti munthu akayambirenso kusaka. Fomu iliyonse adaipatsa malo amodzi osasintha, kuti yatsopano ikabwera izilowa pomwepo, yakale n'kupita kosungira zakale italembedwa pamwamba kuti idatha ntchito. Zithunzi ndi zokongoletsa adazichotsa kuti tsamba lizitseguka msanga pa foni ya munthu amene waima pachulu. Zilembo zopanda kanthu, monga Q ndi X, adazisiya zotuwa kuti munthu asadine pachabe.

Ntchitoyi idatenga milungu, osati masana amodzi, ndipo abwana ankadutsa pa tebulo la makhadilo akupukusa mutu. Itatha, mayiwo adakana kuti aiyese ndi anthu a mu ofesi. Adaitana dalaivala ndi mlonda wa masana. Dalaivala adafuna fomu ya mafuta pa P, kunena petulo, ndipo padalibe. Adaonjezera.

Nkhaniyi ikadakoma ikadathera pamenepa. Kalozerayo adagwira bwino ntchito nyengo ingapo. Kenako mnyamata uja adapeza ntchito ya malipiro abwino ku Lilongwe, thandizo la alendo lidatha, ndipo zidapezeka kuti pa kalata ya ntchito ya munthu aliyense mu ofesimo padalibe mzere wonena za kalozera. Aliyense ankaika zikalata zatsopano, wosintha mndandanda padalibe. Nditadzalitsegulanso tsambalo patapita nthawi, malinki angapo sankapita kulikonse, ndipo pa R padali patayambanso kumera ma Revised. Kalozera wosasamalidwa ndi woopsa kuposa kusakhala naye, chifukwa anthu adazolowera kumukhulupirira ndipo adasiya kuimba foni kufunsa.

Izi sizikhudza bungwe limodzi lokha. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza zidziwitso lidayamba kugwira ntchito m'dziko muno pa 30 Seputembala 2020, ndipo limafuna kuti maofesi a boma ndi mabungwe ena akhale ndi munthu woyankha ofuna zidziwitso. Makhonsolo, masukulu, mipingo ndi mabungwe a alimi akutsegula mawebusaiti, ndipo ambiri a iwo adzauza nzika yofunsa kuti zonse zili pa intaneti. Zidzakhalapodi, monga fomu ija idalipo pa R. Ofesi ingathe kutsatira lamulo ndi kubisa chikalata nthawi imodzi, popanda ndi mmodzi yemwe wofuna kubisa.

Choncho inu amene kuntchito kwanu kuli tsamba lotere, kapena amene mwauzidwa kuti mulipange, musaliyese nokha, chifukwa inu mukudziwa kale kumene mudaika zinthu. Mupatseni foni mlonda, dalaivala kapena mlimi amene wabwera kudzafunsa, mumuuze apeze fomu ya ngongole kapena ya tchuthi cha maliro. Musaloze, musamunong'oneze. Paliponse pamene adine n'kubwerako chimanjamanja, lembani mawu amene amafunawo, mukawaonjezere. Ngati mu ofesi mwanu muli munthu wachikulire amene ali ndi hadikava yake, khalani naye pansi asanapume. Ndipo musalole kuti tsambalo litulutsidwe abwana asanalembe pa pepala dzina la munthu amene aziliyang'anira ndi tsiku la mwezi limene azichotsa zakale.